Mkhalapakati Atukwana Chimphona

Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, a Choleng Magsalin, amene onse ankawatchula Tita, kutanthauza azakhali, anali mlembi wa bwalo loyanjanitsa anthu pa ofesi ya barangay ina, kaboma kakang'ono ka dera, mumzinda wa Marikina. Paudindo anali mlembi chabe. Oyanjanitsa enieni anali amuna khumi osankhidwa, amene zithunzi zawo zinali pakhoma. Koma poti amuna osankhidwa amakhala ndi misonkhano yambiri, milandu ya nthambi ya mango yolowera kwa mnansi, ya tambala wolira nthawi isanakwane, ya madzi ochapira oyenderera pakhonde la eni, yonse inkathera patebulo la a Choleng. Lamulo limati munthu sangathamangire kukhoti ndi mnansi wake asanakhale pansi pabwalo limeneli, ndipo zikakanika ndi pamene amapatsidwa kalata yachidindo yomuloleza kukasuma. A Choleng ankaiona kalata imeneyo ngati chitonzo. Ankaitana anthu koyamba, kachiwiri, kachitatu, kuwamwetsa khofi, kuwafunsa za ana awo, mpaka odandaula n'kuiwala chimene anabwerera, kapena n'kutopa. M'mabuku a boma ziwirizi zimalembedwa mofanana: anagwirizana.

Tsiku lopuma pantchito anawachitira mwambo. Anthu asanu ndi awiri anayankhula, ndipo atatu mwa iwo anatchulako dzina la a Choleng. Anawapatsa wotchi yapakhoma, mphatso imene boma limasungira munthu mpaka tsiku limene alibenso koti achedwe. Anaipachika pabalaza, n'kuyamba kuimvera ikugunda. Amuna awo anali atamwalira kalekale. Mwana wamkazi anali namwino ku Dubai, wamwamuna ankagwira ntchito m'sitima zapamadzi ndipo ankaimba foni pa Khirisimasi. Anayesa gulu la amayi a kutchalitchi, koma kumeneko anapeza mkangano wa zaka khumi ndi ziwiri wa amene ayenera kukonza maluwa a paguwa. Atayesa kuuthetsa, mbali zonse ziwiri zinagwirizana chinthu chimodzi chokha: kuti a Choleng asabwerenso. Mkanganowo ndiwo unkawadzutsa amayiwo m'mawa.

Chimene chinawapulumutsa ndi mvula. Lamlungu lina masana anapititsa turon, nthochi zokazinga zija, kwa Atoy, mwana wa malemu mchimwene wawo, amene ankakhala pamwamba pa shopu yakale ya bambo ake yosokera nsapato. Mvula inakhuthuka osalonjera, ndipo a Choleng anakhala pambali kudikira kuti ikate. Patebulo lalitali lodulirapo zikopa panali mapu ojambula pamanja, tizidole tating'ono, ndi anthu atatu aakuluakulu, a ntchito zawo, akukangana nkhope zili gwa za mmene angawolokere dziwe la moto.

Masewerowo ndi otere. Atoy, amene sabata yonse amayankha mafoni a azungu okwiya pa kampani ina, amakhala kuseri kwa katoni n'kumasimba nthano ya dziko la mafumu, zinjoka ndi zimphona. Enawo aliyense ali ndi munthu wake m'nthanomo. Umanena chimene munthu wako achite, n'kuponya dayisi ya mbali makumi awiri. Ikagwa nambala yaikulu zatheka, ikagwa yaing'ono wagwa chagada. Marivic, mphunzitsi wa pulayimale, anali ndi msilikali wamkazi wa nkhwangwa. Gelo, wokonza mafoni pamsika, bambo wa ana awiri amene dazi linamufika msanga, anali sing'anga wa gululo. Panalinso mpando wopanda munthu. Unali wa dokotala wina wa mano amene munthu wake anamezedwa ndi chithaphwi, ndipo lamulo la Atoy linali loti munthu wako akafa umadikira nthano yonse ithe. Dokotalayo anali atadikira chaka ndi theka. Tsopano ankapalasa njinga.

A Choleng anamvetsera kwa ola, kenaka anakweza chala.

"Kodi pa nonsenu palibe amene amayamba wafunsa kaye?"

"Kufunsa chiyani, Tita?" anatero Atoy.

"Chimene chilombocho chikufuna."

Atatuwo anayang'anizana. M'zaka ziwiri za nthanoyo palibe anali ataganizapo zimenezo.

"Khalani apo, Tita, mungoyesa," anatero Atoy, n'kuwapatsa pepala lolembapo za munthu wawo.

Linali fomu. Linali ndi mabokosi, mizere, malo a dzina ndi a msinkhu. A Choleng anamva mtima kukhala m'malo koyamba chipumireni pantchito. Analidzaza ndi zilembo zikuluzikulu, n'kufunsa ngati pali lachiwiri la m'faelo. Mphamvu zonse zimene munthu amaloledwa kugawa anaziika pa kuyankhula. Pa nyonga ya thupi sanasiyepo kanthu. Pa bokosi la chida analemba kuti ambulera. Anzawo anali ndi mayina a mabingu ndi mphezi, koma iwo anasankha la malemu azakhali awo. Umu ndi mmene Kazembe Hilaria, mkhalapakati, analowera m'dziko la zinjoka.

Ulendo woyamba gululo linakumana ndi achifwamba pamlatho. Marivic anali atanyamula kale dayisi. A Choleng anakweza chala, n'kufunsa mtsogoleri wa achifwambawo dzina lake, dzina la bambo ake, ndi nthawi imene anadya komaliza. Atoy, amene sanakonzekere kuti wachifwamba akhale ndi bambo, anapeka pomwepo. Dayisi inagwa pa 18. Pamene dzuwa linkapendeka achifwambawo anali atavomera kukhala alonda a mlathowo, ndipo pangano linalembedwa makope atatu. Onse anaseka mpaka misozi. Sabata yotsatira anasekanso. Yachitatu anaseka pang'ono.

Chinjoka cha kuphanga, chimene Atoy anachikonzekera mwezi wathunthu, chinalandira kalata yochiitana. Sichinabwere. Kazembe Hilaria analemba kuti sichinabwere, n'kutumiza yachiwiri. Masabata awiri anatha gulu lili pakhomo pa phanga, chifukwa si bwino kuweruza munthu asanamveke. Ulendo wachitatu Atoy anagonja. Chinjoka chinatuluka, chinadandaula za phokoso la mabelu a m'mudzi, a m'mudzi anadandaula za mbuzi zawo, ndipo anagwirizana kuti mabelu azilira kawiri patsiku, mbuzi izidyedwa imodzi pamwezi.

A Choleng anali asanasangalalepo chotero. Kuofesi kuja anthu ankasaina pangano Lachiwiri n'kuliphwanya Lachinayi. Kuno chinjoka chikalonjeza, chalonjeza. Lamlungu linasanduka mzati wa sabata yawo. Lachisanu ankalemba mfundo za zokambirana, Loweruka ankasita bulauzi n'kusankha nthochi, Lamlungu akachoka ku Misa ankakazinga turon n'kukwera masitepe a shopu ija mawondo osadandaula. Anaona kuti Marivic wayamba kubwera ndi makope a ana asukulu n'kumachonga iwo akamayankhula, koma anati ndi khama la uphunzitsi.

Zimene sanamve ndi zimene zinanenedwa pamasitepe iwo atapita.

"Miyezi isanu ndi iwiri, Atoy," anatero Marivic. "Nkhwangwa yanga yachita dzimbiri. Sabata yonse ndimauza ana makumi asanu kuti kumenyana n'koipa, tizikambirana. Lamlungu ndimabwera kuno kuti ndidule mutu wa chinachake. Tsopano ndine mboni pa mapangano a mbuzi! Kaya iwo kaya ine, mmodzi achoke."

"Ukawauze wekha."

"Ndi azakhali ako."

"N'chifukwa chake. Anandisinthapo matewera amenewo."

Munthu amene umagunditsa dzanja lake pachipumi pako pomulonjera sungamuuze pamaso kuti watitopetsa. Nkhani yotere imafuna wotumidwa, ndipo anasankha Gelo, chifukwa anachedwa kukana. Gelo analingalira masiku awiri mmene angawauzire, osapeza poyambira. Ndiye anachita chimene aliyense wa m'deralo wakhala akuchita kwa zaka makumi atatu akasowa pogwira: anapita kukafunsa nzeru kwa a Choleng.

Anafika Lachitatu m'mawa, chisoti cha njinga yamoto kukhwapa, n'kugunditsa dzanja lawo pachipumi.

"Tita, ndili ndi nkhani. Si yanga. Ndi ya mnzanga."

A Choleng anaika madzi a khofi pamoto, n'kutenga kope lawo lakale. "Dzina la wodandaula?"

"Mnzanga chabe, Tita. Wa ku Pasig. Simungamudziwe."

"Wodandaulidwa?"

"Munthu wamkulu. Bambo. Mdala ndithu, wa ndevu." Gelo anaonetsa ndi dzanja kutalika kwa ndevuzo. "Amasewera nawo basketball."

"Mdala wa ndevu amasewera basketball. Walakwa chiyani?"

"Sanalakwe, Tita, ndi munthu wabwino kwambiri. Koma akagwira mpira saponya. Amangouimika, n'kuyamba kufunsa a timu inayo ngati pali chimene chikuwavuta."

Cholembera cha a Choleng chinayenda pang'onopang'ono. "Ndiye amaluza?"

"Saluza. Sawinanso. Masewero amangotha aliyense akugwirana chanza. Ndiye pali mmodzi, Tita, amene amabwerera kuthamanga, thukuta, kugundana. Akuti kaya mdalayo kaya iye."

"Anayamba liti mdalayo kubwera?"

"Miyezi isanu ndi iwiri yapitayo."

"Amabwera chimanjamanja?"

"Ayi, amabweretsa tur..." Gelo anatsokomola. "Mtedza, Tita. Amabweretsa mtedza."

A Choleng analemba kuti mtedza, n'kudula mzere pansi pake. Munthu amene wamva mabodza a m'dera lonse kwa zaka makumi atatu samafunsa zambiri. Anathira khofi, nkhope osasintha, chifukwa ntchito inawaphunzitsa kuti nkhope ya mkhalapakati ndi khoma lopaka laimu.

"Akumufuna achoke?"

"Sakufuna amve kuwawa, Tita. Amamukonda. Kungoti..."

"Ndamva. Ukamuuze mnzakoyo chonchi. Munthu wamkulu sathamangitsidwa. Akamuuza pamaso, manyazi agwira onse, ndipo sadzalonjeranso bwino pamsewu. Asachite kanthu. Mdala ngati ali ndi nzeru aona yekha pamene pali khomo, ndipo atuluka mwa njira yoti aliyense azidzati zinangochitika."

"Nanga akapanda kuona?"

"Aona."

Gelo anamwa khofi yense, n'kutuluka wopepukidwa, akudzitama mumtima kuti ndevu zija zinagwira ntchito.

A Choleng anakhala pampando nthawi yaitali. Chinawawawa si kuti sakufunidwa. Zimenezo amayi a maluwa anali atawazoloweza. Chinawawawa n'chakuti iwo, amene ankadziwa banja loti litha pongoona mmene mwamuna wakokera mpando, anakhala miyezi isanu ndi iwiri moyang'anizana ndi munthu wochonga makope osamva kanthu. Anayesa kuganiza za Lamlungu lopanda masitepe aja, n'kupeza kuti likufanana kwambiri ndi Lachiwiri. Komabe mlandu unali utabwera patebulo lawo, ndipo unali wosavuta. Wodandaula anali ndi mfundo. Khomo linalipo, lomwe dokotala wa mano anatulukira. Hilaria akafa, palibe wothamangitsa, palibe wothamangitsidwa. Dayisi ndiyo idzasenze mlandu.

Lamlungu limenelo gululo linkayenera kukumana ndi Mfumu ya Zimphona, imene inatseka mtsinje ndi miyala kuti midzi ya kumunsi isowe madzi. A Choleng anali atalemba kale pangano lokongola logawana madziwo mosinthana masiku. Lachisanu analiika m'kabati, n'kutenga pepala lina.

Anafika nthawi yake, bulauzi yosita, turon yotentha. Atoy sankawayang'ana m'maso. Marivic anawalonjera mwaulemu woposa muyeso, n'kutulutsa makope ake ndi cholembera chofiira. Atoy anaika pamapu chidole chachikulu ngati botolo, n'kukhuthalitsa mawu.

"Ndani ayankhule m'malo mwa tinthu iti?"

A Choleng anaimirira, chinthu chimene anali asanachitepo pamasewero, n'kuvala magalasi.

"Mfumu ya Zimphona, mwini phiri ndi zigwa zake, ine Hilaria, kazembe wa anthu a kumunsi, ndabwera ndi mfundo zingapo."

Marivic anatsegula kope lachiwiri.

"Mfundo yoyamba. Ndinu chitsiru."

Cholembera chofiira chinaima.

"Tita?" anatero Atoy ndi mawu ake enieni.

"Ndikuyankhula ndi mfumu, Atoy, usalowerere. Mfundo yachiwiri. Simunatseke mtsinje chifukwa chofuna madzi. Ndi fungo limeneli, aliyense akuona kuti madzi mulibe nawo ntchito. Mwautseka kuti anthu akwere phiri adzakugwadireni, chifukwa kunyumba kwanu ngakhale galu sadzuka mukamalowa."

Gelo anatsamwa ndi turon. Atoy anabwezeretsa mawu a chimphona.

"Kanthu iwe! Ukudziwa amene ukuyankhula naye?"

"Ndikukudziwani bwino. Ndakhala nanu patebulo zaka makumi atatu. Mfundo yachitatu." Apa a Choleng anasiya kuyang'ana pepala. "Mumabwera mimba patsogolo, faelo kukhwapa, kudzamenya tebulo chifukwa cha masamba anayi amene agwera padenga panu. Ine n'kumakuthirirani khofi. Pepani bambo, tamvetsa bambo. Sitinamvetse! Palibe anamvetsa! Mtengowo unalipo inu musanabadwe, Mang Tibo, ndipo mango ake mumadya, makoko tinkawaona kuseri kwa mpanda!"

"Mang Tibo ndi ndani?" ananong'ona Marivic.

"Wa pafupi ndi bekale ija, Ate," anatero Gelo, amene ankamutchula Marivic choncho, kutanthauza achemwali. "Anamwalira."

A Choleng anapeza kuti akupuma mwawefuwefu, ndipo, chodabwitsa, kuti m'chifuwa mwapepuka ngati munthu wotula mtolo umene anaiwala kuti wasenza.

"Ponyani, Tita," anatero Atoy. "Tione ngati mawuwo alasa."

Dayisi inagubuduzika, n'kuima pa 20.

Mawu analasa, ndipo chimphona chinazula mtengo mwaukali. Atoy anaponya madayisi ake kuseri kwa katoni, anawayang'ana, anayang'ana azakhali ake, n'kuwayang'ananso madayisiwo ngati angasinthe maganizo. Munthu wopanda nyonga ya thupi, wa ambulera, salimbana ndi mtengo.

"Hilaria wagwa," anatero. "Akupumabe. Koma tikazungulira tebulo katatu asanalandire mankhwala, basi."

Mawu otsirizawo sanamveke bwino, chifukwa Marivic anali atakankhira makope pansi n'kukuwa mfuu imene inaimitsa wogulitsa ayisikilimu pamsewu. Zimene zinatsatira anthu a patebulolo amazikambabe. Nkhwangwa inalowa m'bondo la chimphona. Chimphona chinaponya mwala, Marivic anaulewa, n'kukwera pampando weniweni kuti aonetse mmene waulewera. Sing'anga wa Gelo, pothawa mwala wachiwiri, anagwera tsidya lina la mtsinje wouma uja. Atoy ankabangula, ankamenya tebulo, thukuta lili kamukamu, nkhope yake ngati ya mwana wa zaka khumi.

A Choleng anakhala pansi n'kuyamba kulongedza mwakachetechete. Pensulo m'chikwama. Labala m'chikwama. Fomu ya Hilaria anaipinda kawiri, kenaka kanayi. Anayang'ana Marivic akuseka mano onse pamtunda, ndipo monga katswiri anavomereza kuti mlandu watha bwino. Pa pangano lililonse labwino pamakhala mmodzi wopita kwawo atameza chowawa osauza munthu. Nthawi zambiri iwo ankangomuthirira khofi wina.

Pozungulira kachitatu chimphona chinali chitagwada bondo limodzi, khosi lili pamtunda. Inali nthawi ya Marivic, kenaka ya Gelo. Gelo anali ndi mankhwala, koma Atoy atayeza pamapu ndi tepi yakale ya bambo ake yoyezera mapazi, anapeza kuti sing'angayo sangafike pamene Hilaria wagona. Panatsala mabokosi atatu.

"Pokhapokha wina atamunyamula n'kupita naye kwa Gelo," anatero Atoy, osayang'ana aliyense. "Koma wonyamula munthu sangamenye. Ndipo chimphona chidzuka."

Marivic anali ndi dayisi m'manja. Anayang'ana khosi la chidole chija monga munthu wanjala ayang'anira nyama.

"Dula, mwananga," anatero a Choleng. "Wadikira miyezi isanu ndi iwiri." Anatseka zipi ya chikwama. "Ndipo iwe Gelo, ukamuuze mnzako wa ku Pasig kuti nkhani yake ija yatha."

Dazi la Gelo linafiira mpaka kumakutu.

"Mnzako wa ku Pasig?" anatero Marivic. "Gelo, unakanena chiyani?"

"Ndinasintha zonse, Ate! Ndinawaika ndevu!"

"Tinakutuma kuti ukawauze, iwe unakawafunsa nzeru?"

"Nanga ndikanafunsa ndani?"

"Mbuzi iwe."

Marivic anayang'ana chikwama chotseka chija pamiyendo ya a Choleng, ndi mpando wa dokotala wa mano uja umene anakhalapo, ndipo anamvetsa kuti mtengo wa chimphona sunagwe mwangozi.

"Munachita dala, Tita."

"Dayisi ndiyo yachita."

"Dayisi sinatchule Mang Tibo." Marivic anapukusa dayisi m'manja, n'kuusa moyo ngati akuzulidwa dzino. "Atoy, ndaponya nkhwangwa pansi. Ndikuwanyamula."

"Chidzuka, Marivic. Mwina sudzachipezanso chitagwada."

"Chidzuke. Ndinati ndikufuna nkhondo, ndaipeza. Ukuganiza ndani wina angatiputire nkhondo ngati imeneyi? Iwe? Iwe umapepesa ngakhale kwa azungu okutukwana."

"Mwananga, usawononge pangano," anatero a Choleng. "Zinali zitatha bwino."

"Sindinasaine, Tita. Pakufunika zingati, Atoy?"

"Miyala ndi yoterera. Khumi."

Marivic anaponya mwamphamvu kwambiri. Dayisi inadumpha mapu, inagunda mbale ya turon, inagwa pansi n'kulowa kunsi kwa makina akale osokera zikopa. Anthu atatu a ntchito zawo anagwada pafumbi. A Choleng anakhalabe pampando, manja pachikwama, akuyang'ana kudenga, chifukwa si bwino woimbidwa mlandu kusuzumira chigamulo. Gelo anayatsa tochi ya foni.

"Osaikhudza!" anatero Atoy. "Ya pansi imawerengedwa mmene yagonera."

"Lamulo limenelo layamba liti?"

"Zitengera nambala yake."

"Ndi 13," anatero Gelo. "Achimwene, ndi 13!"

"Lilipo kuyambira kale," anatero Atoy.

Anabwerera m'mipando mawondo ali fumbi lokhalokha. Msilikali wa Marivic anawoloka miyala kazembe ali paphewa, Gelo anatsanulira mankhwala m'kamwa mwake, ndipo Atoy anadzutsa chidole chachikulu chija n'kuchiimika chilili.

"Hilaria watsegula maso," anatero. "Chimphona chaimirira, chatola nkhwangwa ya Marivic, chikutokosera m'mano. Chakwiya kuposa poyamba. Tita, ndi nthawi yanu. Mutani?"

A Choleng anatsegula zipi pang'onopang'ono. Anatulutsa fomu ija, anaifunyulula, anaisalaza ndi chikhatho patebulo nthawi yaitali kuposa imene pepala limafuna. Anavula magalasi n'kuwapukuta, akudandaula kuti fungo la guluu wa nsapato silichoka m'nyumba muno ngakhale patapita zaka. Palibe anatsutsa.

"Chili patali bwanji?" anafunsa.

Atoy anayeza ndi tepi. "Mabokosi asanu ndi atatu."

"Chingandimve kuchokera pano?"

"Patali, Tita. Mutafuna kukambirana nacho zamtendere, mpofunika..."

"Marivic," anatero a Choleng, akutola pepala lawo la mfundo, "undinyamulenso, mwananga, undisendeze pafupi. Ndinali ndisanafike pa yachinayi."